Mpata Wotsala pa Thabwa

Ku Chinsapo palibe amene sadziwa kuti Mayi Felesita sakhulupirira munthu. Anachoka ku Thyolo ali mtsikana, kutsatira mwamuna amene ankafuna ntchito yaulonda. Mwamunayo atamwalira, anagulitsa kaunjika mpaka kumanga mdadada wa nyumba za lendi, uku akulera okha mwana wawo mmodzi, Alexander. Wogulitsa tomato akawaikira basera, amayamba amutembenuza kuti aone powola.

Ndiye munthu wotereyu ndi amene anapatsa chipinda Geoffrey, bambo wa ku Kawale, yemwe anafika ndi chibokosi chachitsulo chonga filiji yogoneka. Anatulutsira paipi ya utsi pazenera, anaika chidebe cha madzi pansi, n'kutha tsiku lonse akuwongola timagalasi ta m'kati mwake. Akayatsa, kamutu ka makinawo kankathamanga kokha, thabwa n'kumadulika popanda sowo, mayina a anthu n'kumatuluka popanda dzanja lolemba.

"Ndi makina a leza, amayi," anawafotokozera. "Kuwala kumawotcha thabwa potsata zimene ndajambula pa kompyuta. Madziwo ndi oziziritsira."

Mayi Felesita anangoti, "Chabwino," koma mumtima anakana. Dzina la munthu si chinthu chosewera nacho pamoto. Pasanathe mwezi anagwa pabafa ndi BP, n'kukagonekedwa kuchipatala cha ku Likuni, ndipo atachira anabwerera kunyumba atagamula kale mlandu: matendawo anabwera ndi chibokosi chija.

Tsiku lina magetsi atazima, Geoffrey anatuluka kukagula matabwa. Mayi Felesita anatenga kiyi wapadera n'kulowa m'chipinda chake, ati kukaona ngati denga likudontha, pamene unali Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anafukula mulu wa zokolekera makiyi ndi zikwangwani za maukwati. Kuseri kwake anapeza thabwa losalala bwino: FELESITA MAKWINJA. Pansi pake panali chaka chimene anabadwa, kenako mawu akuti "Anamwalira", ndi mpata wopanda kanthu.

Anachita mantha enieni, a munthu amene waona manda ake. Koma sanathawe. Anakhala pampando wa mwiniwake mpaka anabwera.

"Ndiye mwandilembera tsiku liti, abambo? Zausatana zanuzi mwaziona pa ine?"

Geoffrey anatula matabwa pansi, nkhope itagwa.

"Amayi, ine ndimalemba zimene ndauzidwa. Chaka chanu chobadwa ndikanachidziwira kuti?"

"Wakuuzani ndani?"

Anazengereza, akupukuta manja pa thalauza.

"A Alexander. Muli kuchipatala muja. Anati ndikonzeretu, tsikulo adzandiimbira. Ndinawauza kuti si bwino, munthu akupuma. Tsiku lomwelo anandiuzanso kuti nyumba zino apeza kale wogula, ndiyambe kuyang'ana kwina."

Mayi Felesita anayang'ananso thabwa lija. Moyo wawo wonse anakayikira alendi, ogulitsa pamsika, ngakhale amayi a mpingo obwera kudzazonda. Mwana wawo yekha ndiye sanamufunsepo kuti wachokera kuti, ndipo zinawapweteka kuposa matenda aja.

"Ndiliphwanye?" anafunsa Geoffrey.

"Ayi, n'lokongola. Ntchito mumaidziwa."

Analipukuta fumbi ndi chitenje, n'kupita nalo pakhonde pawo. Madzulo Alexander atatsegula geti, anapeza mayi ake atakhala bwinobwino, thabwa lili pamiyendo.

"Bwera, mwana wanga," anatero. "Bambo aja akudikira tsiku."