Chaka Chimene Amalume Analimira Mbalame

M'dirowa ya kukhitchini kwathu ku Sighthill, pansi pa mipeni ndi makandulo, munkakhala legeni. Amalume anaisema atangofika kumene ku Glasgow. Mphanda yake anakatola kupaki, mphira anadula ku chubu cha njinga. Tsiku lina anaima pawindo la nyumba yathu yam'mwamba nkuyamba kuchalira nkhunda zomwe zinkatera pakhonde, amayi nkuwagwira mkono. "Achimwene, kuno munthu amamangidwa chifukwa cha nkhunda." Legeni inalowa m'dirowa tsiku lomwelo.

Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anachokera ku Ntcheu, ndipo mapepala awo okhalira m'dzikomo anali asanatuluke, choncho sankaloledwa kulembedwa ntchito. Munthu wokulira pakhasu ankangokhala pampando pafupi ndi hita yotenthetsera m'nyumba, maso ali pa sitima zodutsa cha ku Springburn. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza mmene ndinawasiyira. Lero ndimadziwa kuti mtima wawo unkadwala. Nthawi imeneyo ndinkangoti amalume amakonda sitima.

Masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo, aphunzitsi anakonza ulendo wa kalasi yathu wokaona famu ina kumpoto kwa mzinda, ndipo ankafuna makolo oti atiperekeze. Amayi anali pantchito kunyumba yosamalira okalamba. Anangouza aphunzitsi kuti amalume apita, kenako nkuuza amalumewo.

Mwini famuyo anali mayi wachikulire wa chipewa chaubweya ndi zikhatho zong'aluka. Anatidutsitsa m'minda yokolola kale, yometedwa mpala, mpaka tinafika pa kachigawo kena m'mbali mwa mpanda wa zitsamba. Apo mbewu zinali chiimire: balere wowerama ndi mvula, mpiru wouma wolira tsekeretsekere ndi mphepo, ndi masamba akuluakulu onga repu. Amalume ankadziwa Chingerezi cha kusukulu, koma kayankhulidwe ka mayiyo kanawagonjetsa, ndiye ine ndinakhala womasulira, ndi Chichewa changa chotsimphina.

"Akuti izi sakolola. Ndi za mbalame, zidye nthawi yozizira. Boma limawathandiza kuti azilima."

"Wamva bwino iwe? Funsanso."

Ndinafunsanso. Amalume anaseka mpaka kukhala pansi pa mwala, ana onse nkumawayang'ana. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chifikireni. Pakachikwangwani ka pamundapo panalembedwa dzina la masamba aja m'Chingerezi, ndipo amalume analiwerenga m'Chichewa: kale. "Eya, adzala kale," anatero, nkuyambanso kuseka.

M'basi pobwerera kuseka kunali kutatha. Anandiuza za munda wa mapira wa agogo, mmene iwo ndi amayi ankajombera kusukulu mapira akayamba kucha, kuima pachulu ndi chitini cha miyala, kukuwa kuyambira mame asanakamuke mpaka mawu kusasa. "Mpheta zinandidyera sukulu," anatero. Kenako anayang'ana kunja nkunena chapansipansi kuti, "Dziko lokhuta." Sikunali kuyamikira.

Koma Loweruka lotsatira anandidzutsa kuti ndiwaperekeze. Anati akufuna akaone ngati mayi uja sananame. Tinakwera mabasi awiri nkuyenda wapansi kamtunda ndithu. Titafika amalume anaona waya wa mpanda utaphwasuka, anangovula jekete nkuyamba kukonza osapempha. Mayiyo anatuluka ndi nsapato za mphira zomwe zinali za malemu amuna ake, nkuwaikira pamapazi. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali la kufamu. Tinkabwerako ndi mazira kapena mbatata, ndi matope omwe amayi ankadandaula nawo pakapeti.

Awiriwo sankamvana mawu kwenikweni, komabe ankacheza. Mayiyo anafotokoza kuti makina a masiku ano amakolola osasiya kanthu, mapesi nkugawulidwa nthawi yomweyo, ndipo timbalame tomwe tinkadzaza mipanda iye ali mtsikana tinali kutha. Nditamasulira, amalume anagwedeza mutu. Zimenezo anazimva. "Munda wopanda zokunkha ndi wa munthu wouma mtima," anatero. Sindinadziwe kuti kukunkha nkutani, ndiye ndinangomuuza mayiyo kuti amalume avomereza.

Nyengo yozizira imeneyo ndimaikumbuka ndi makutu. Udzu woumitsidwa ndi chisanu unkalira khwatya pansi pa nsapato. Tikayandikira kamunda kaja, mbalame zinkanyamuka zonse pamodzi ndi phokoso longa la munthu akupeta m'lichero, kuzungulira kamodzi nkuteranso. Zina zinali zofiirira, zina zachikasu ngati wazipaka mazira pamutu. Amalume sankafuna mayina awo a Chingerezi, zonse ankaziti mpheta. Ankandiimika kuseri kwa zitsamba, chala pamlomo, munthu yemwe uja anasasa mawu pozipirikitsa. Masamba owola ankanunkha, tiyi wa m'fulasiki ankawotcha lilime, ndipo ine ndinali wokondwa kuposa mmene ndinkadziwira.

Amayi okha ndiwo sankafuna kumva. Tikayamba kusimba patebulo, ankadula nkhani. "Chakudya sachisiya kumunda." Amayi anali munthu woti njere ya mpunga ikagwa pansi ankaitola ndi chala. Ine ndinkaziona ngati zochititsa manyazi, makamaka anzanga akabwera kudzacheza.

Mu Febuluwale mbewu za m'kamundako zinatha. Mapesi anali mbee, ndipo tsiku lina tinapeza kambalame kachikasu katagona m'munsi mwa mpanda, kopepuka ngati tsamba. Mwini famu anayamba kumwaza tirigu m'njira ndi ndowa, akuti mwezi umenewu ndiwo umapha zambiri. Amalume anatenga ntchitoyo, nkumapitanso pakati pa sabata okha. Madzulo ena ndinawamva akuuza amayi kukhitchini kuti, "Achemwali, njala yawo imagwa mwezi womwewo ngati yathu." Loweruka amayi anavala chijasi chawo cha kutchalitchi nkutuluka nafe.

Mapepala a amalume anadzatuluka patapita nthawi, ndipo mpaka lero amagwira ntchito kumalo ofesera mitengo. Ndi iwo amene anadzandiuza, nditakula kale, kuti kumunda wa mapira kuja ankapita atatu. Panali kamlongo kawo kakang'ono, kamene kankanyamula chitini. Chaka china mvula inakana, nkhokwe zinatha Khirisimasi isanafike, ndipo kamwanako sikanafike pa masika.

Tsiku limenelo ine sindinkadziwa chilichonse mwa zimenezi. Ndinangoona amayi ataima m'njira ya matope, nsapato zawo zabwino zitalowa m'madzi, akuyang'ana mbalame zili ndandanda pampanda kudikira. Amalume anawapatsira ndowa. Amayi anatapa tirigu wodzaza dzanja nkufumbata, ndipo dzanjalo silinatseguke. Mwini famu anayang'ana kumbali.

"Ponyani, achemwali," amalume anatero mofatsa. "Zidye."

Amayi anatchula dzina lomwe ndinali ndisanalimvepo, kenako anaponya. Mbalame zinatsika zonse, nkudzaza njira mpaka pafupi ndi mapazi awo. Dzanja lawo linatsala m'malere.

Ine ndinaganiza kuti lauma ndi chisanu. Ndinavula gulovu yanga yofiira nkuyamba kuwaveka, ndipo ndinakhumudwa kuti inangolowa zala zitatu.