Injini ya lole ya bambo anga ikufunidwa ku Mirdif

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kutaya tiyi wa abwana. Ndimalowa m'galaja yawo kuno ku Mirdif, mumzinda wa Dubai, komwe ndimagwira ntchito yolera ana, ndipo ndinamva kulira kwa injini imene ndinakula nayo. Kutsokomola kawiri, kenako kubangula. Lole ya malemu bambo anga yeniyeni!

Koma m'galajamo munalibe lole. Munali kagalimoto kakalekale, kodulidwa denga, kofiira psuu, injini yake ili pamtunda popanda chovundikira.

Chiyambireni m'bindikiro wa kolonawu, abwana akusowa chochita. Anzawo akuphunzira kuphika buledi, iwo anaitanitsa injini ya lole yakale kuchokera kunja n'kuipachika m'kagalimotoka. Akuti dzina lake ndi hotirodi, choseweretsa cha akuluakulu.

"Abwana, pulagi imodzi sikuyaka," ndinatero ndisanadzigwire pakamwa.

Anatsitsa masiki n'kundiyang'ana. "Iwe Esnati, wadziwa bwanji zimenezo?"

Ndinawauza kuti bambo anga ankayendetsa lole ya mtundu womwewo ku Tsangano, ndipo wowapatsira masipanala ndinali ine. Anamasula mapulagi. Yachinayi inali yakuda bii.

Apa ndiye anamasuka n'kuyamba kundifotokozera zonse. Injini yokhayo, akuti, inadula kuposa galimoto yatsopano ya madamu. Itafika inapezeka kuti ndi yolemera kwambiri, mpaka anaotcherera zitsulo zina pansi kuti kagalimotoko kasathyoke msana. Mabuleki anasintha, masipuling'i anasintha. Madzi a mu injini amawira asanafike n'komwe pamsewu waukulu. Petulo imamwa ngati ili pa ukwati. Choziziritsira mpweya mulibe, Dubai muno, momwe dzuwa limaotcha ngakhale uli pamthunzi! Zipangizo zake anasiya kalekale kupanga, ndipo china chimene anachipeza kunja chakhala miyezi osafika chifukwa ndege zinaima.

"Ndiye imathamanga kwambiri eti?" ndinafunsa.

"Ayi, ya madamu imaisiya kutali. Koma yalla, tiye, tamvera kulira kwakeko!"

Abale anga! Chuma chonsechi n'chogulira phokoso?

Kwathu munthu amasunga injini yakale chifukwa alibe pogwira. Amaimanga ndi waya, amaipempherera, m'mawa anthu amaikankha mpaka ilire. Kuno munthu akuifunafuna chifukwa ndalama zamuchulukira. Ife timachita nayo manyazi tikamadutsa pa Ntcheu boma utsi uli tolotolo, iwo amaipukuta ndi nsalu yofewa kuposa imene ndimapukutira ana.

Ndikanangoseka n'kuiwala, koma abwana anandiponyera funso.

"Lole ya bambo akoyo ikadalipo? Ndikufuna injini yachiwiri yoti ndizichotsako zipangizo. Uwauze akwanu, ndigula."

Anatchula mtengo. Nditausandutsa makwacha mumtima, ndinaona zomwe ungagule kwathu. Nyumba yamalata, ya njerwa zootcha, n'kutsalako chenje.

Loleyo ilipo. Akuyendetsa ndi achimwene anga a Yohane. Tsiku la msika imanyamula kachewere kupita ku Lizulu. Masiku ano, pomwe maminibasi asiya kukwera mtunda wa kwathu, ndi yokhayo imene imatsitsira odwala kuchipatala. Mwezi watha inanyamula aphunzitsi athu akale akubanika, mpaka lero ali moyo. Amayi oyembekezera m'mudzi monse amadziwa khomo logogoda.

Komanso a Yohane ndimawadziwa. Malonda a kachewere alowa pansi, nyumba yawo imadontha, ana ali asanu. Atangomva mtengo umenewo, tsiku lomwelo injini ikanapachikidwa pamtengo wa mango ndi tcheni. Ndipo ndani akanawanena?

Tisanamizane, ife okhala kunja tili ndi matenda athu. Bwana akangosirira chinthu chakwathu, timasanduka madobadoba. Timaimba foni kumudzi mwamsangamsanga kuti gulitsani, mwayi suwoneka kawiri. Timawerenga zimene zilowe m'thumba, koma dzenje limene chinthucho chisiye sitiliona, poti ife sitikhala komweko. Ndalama zimatha Khirisimasi isanafike. Lole yopanda injini imasanduka khola la nkhuku.

"Inafa kalekale, abwana," ndinayankha. "Ogula zitsulo anaiphwasula."

"Khalas, basi," anatero, n'kubwerera kukapukuta kagalimoto kawo.

Ndinanama, ine mayi wa Mvano. Sabata yonseyi mtima sukukhala m'malo. Ndine yani ine kuti ndiwakanire achimwene anga nyumba, ndili m'nyumba yozizira ya eni, ndikudya katatu? Kodi si ufulu wawo kusankha okha? Mwina ndalakwa, ndipo zikundiwawa. Koma ndikaganiza injini imene ija itamasulidwa chidutswachidutswa, ili pashelefu ku Mirdif kudikira kuti choseweretsa chiwonongeke, ndimalephera kuwaimbira foni achimwene.

A Yohane sindinawauze. Ndikudziwa kuti wina awawerengera nkhaniyi, ndipo foni yanga ilira.

Achimwene, nambala ya abwana ndili nayo, ndipo mukalimbikira ndikupatsani. Koma muyambe mwandiyankha: injiniyo ikakwera sitima kubwera kuno, wodwala wa kwathu adzakwera chiyani?