Mzati wa Pabalaza Pathu

Ndikukumbukira chaka chimene Ada, bambo anga, anabwera kuchokera ku Joni ndi masofa aakulu amene anakana kukwana pabalaza pathu. Ndinali mu Sitandade 5, kwathu kufupi ndi Bandawe. Nyumba yathu inali yakale, ndipo pakati penipeni pa balaza panali mzati wa muwanga umene unkachirikiza mtanda wa denga. Anauimika ndi agogo aamuna, bambo awo a Ada, maso awo asanachite khungu.

Mzatiwo ndinkadana nawo, ndisaname. Ana a aphunzitsi akabwera kudzasewera ankandiseka kuti nyumba yathu ndi nkhalamba, ikuyendera ndodo. Choncho Ada atalamula kuti uchoke, pamodzi ndi khoma la kuchipinda chodyera, ndinadumphadumpha ndi chimwemwe.

Ada sanachite zinthu mwaphuma. Anaitana mmisiri wa ku Mpamba, amene anakwera kudenga ndi kugogoda mtanda uliwonse. Anaimika mitengo ya bulugamu uku ndi uku yogwiriziza denga, analowetsa chitsulo chachitali pansi pa mtanda, kenaka anakumba patsinde pa mzati mpaka unazuka. Malata sanagwedezeke n'komwe. Fumbi la njerwa linatilowa m'mphuno ndi m'kondowole momwe, koma tinkangosekerera. Masiku onsewo agogo ankagona kwa amalume, masana n'kumakhala pakhonde pathu, zala zawo zikusoka ukonde.

"Kodi kugogodaku n'kwa chiyani?" anafunsa tsiku lina.

"Tikukonza nyumba, Ada," bambo anga anawayankha.

"Yewu," anatero agogo movomereza, n'kupitiriza kusoka.

Matailosi atsopano a pansi atauma, Ada anaitana akulu a mpingo ndi akazi awo kuti adzaone nyumba Lamulungu pochokera kutchalitchi. Agogo tinawalowetsa kuchipinda kwawo m'mawa kuti avale jekete. Ndikuthira tiyi, chitseko chawo chinatseguka. Anatuluka monga mwa masiku onse, mutu uli m'mwamba, dzanja lamanja atalitambasula kutsogolo. Apo m'pamene ndinazindikira chinthu chimene ndinkachiona tsiku ndi tsiku osachilabadira. Agogo akatuluka ankayamba agwira mzati uja, n'kukhotera pomwepo kulunjika khomo lakuseri. M'nyumbamo sankafuna ndodo kapena munthu wowagwira dzanja.

Dzanja lija linangogwira mphepo. Anapitirira, bondo linagunda tebulo lagalasi, makapu anasweka, ndipo iwo anagwera pamiyendo pa mkazi wa mkulu wa mpingo. Tisanawafike anali atagwada pansi, akupapasa matailosi oterera aja.

"Khomo lili kuti?" anafunsa. "Wina andionetse khomo."

Palibe anaseka. Bola akanaseka. Masofa a Ada anali mbuu ndi shuga. Ine manyazi anandigwira. Munthu anali kukwawa m'nyumba imene anamanga yekha, pamaso pa anthu amene kale ankamupatsa mpando wakutsogolo.

Alendo atapita, Ada anagwada pafupi ndi bedi la agogo ndi kulonjeza kuti aubwezeretsa mzatiwo.

"Usayerekeze," anatero agogo. "Anthu aona kale nyumba yabwino, ufuna akuseke? Ndizolowera."

Sanazolowere. Balaza linali litakula, lopanda pogwira, ndipo mipando Ama, mayi anga, ankaisuntha pokolopa. Ada atabwerera ku Joni, ntchito yowatsogolera inagwera ine. "NyaChirwa, mkazi wanga, tiye undiperekeze," ankatero mwanthabwala, ine n'kuwagwira dzanja mpaka kuchimbudzi. M'mawa ankandiitana ndisanapite kusukulu, kenaka n'kudikira kuti ndiweruke. Ankadandaula? Ayi ndithu, ndipo ine ndinkati zinthu zayenda.

Anatulukira ndi Ama. Tsiku lina ndikuweruka ndinawapeza kukhitchini atagwira kapu ya agogo yodzaza tiyi wozizira, maso ali ofiira.

"Agogo ako sakumwa kanthu m'mawa," anandiuza motsitsa mawu. "Madzi omwe akukana, mpaka iwe ubwere."

Sindinafunse chifukwa. Ngakhale ndinali mwana, ndinkadziwa kuti bambo wachikulire sangapemphe mpongozi wake kuti amugwire dzanja kupita naye kuchimbudzi. Ama anamanga chingwe kuchokera pachitseko cha agogo kukafika kuseri, ndipo chinathandizako, koma kukabwera alendo agogo ankalamula kuti chimasulidwe, kuopa kunyozetsa nyumba ya mwana wawo.

Nyumba ija ilipobe, denga lake silinapindike mpaka lero, ndipo alendo amayamikira kukula kwa balaza. Ine akamayamikira ndimayang'ana pansi. Ndakula tsopano, ndipo ndikudziwa kuti mmisiri analibe mlandu, anayankha zonse zimene tinamufunsa. Amene sitinawafunse anali pakhonde pomwepo, akumva kugogoda konse. Ife tinapeza malo oika masofa, agogo n'kumakhala ndi ludzu m'mawa uliwonse, kudikira mwana aweruke kusukulu.