Peni Yakufa M'thumba la Jekete

Ine ndine mphunzitsi, ndipo pali chinthu chimodzi chimene mphunzitsi wa kasukulu ka pulayiveti ku Mchengautuwa, muno mu Mzuzu, amachidziwa kuposa kuphunzitsa: kudzutsa peni yakufa. Ndikunena mapeni akuluakulu aja timati maka, olembera matchati. Mwini sukulu amakupatsa imodzi n'kukuuza kuti ikufikitse kumapeto a teremu, ngati kuti inki imaswana. Ikauma umazula kachotsekera kakumbuyo ndi mano, n'kudonthezera sipiriti wapepo pa thonje la m'katimo, n'kuiimika chozondoka. Mawa lake ikulemba ngati yatsopano. Luso limeneli ndinkanyada nalo kwambiri.

Amuna anga ndi kalipentala. Anachokera ku Dedza zaka zimene yunivesite inayamba kudzaza Mzuzu ndi ana asukulu, aliyense wokhala ndi kamalo akumanga tizipinda ta lendi, tizipindato tikufuna mabedi ndi matebulo. Ntchito inalipo, manja anali abwino. Vuto linali pakamwa. Ali ndi chibwibwi, ndipo sukulu anasiyira Sitandade 8. Kwathu ku Nkhata Bay imeneyo ndi milandu iwiri. Achimwene anga aakulu, amene anamanga nyumba ya mpanda ku Msongwe, sanawaitanepo kuti alamu. Ankangoti "a matabwa". Amuna anga akayamba kulankhula n'kukakamira pakati, achimwene ankawamalizira mawu, maso ali pa foni. Ine ndinkaseka nawo, ndisaname.

Ndiye munthu wamkulu, wa ana atatu, n'kuyamba masalamusi a makhadi! Anazionera pa foni, basi mutu unatembenuka. Akaweruka ku shedi, m'malo mopuma, ali pakhonde kuphwanyaphwanya makhadi.

"Bambo a ana," ndinatero tsiku lina, "anzanu akugula mapuloti ku Chiputula, inu mukuphunzira njuga?"

"Si... si njuga, amayi."

"Nanga n'chiyani, mapemphero?"

Chimodzi ndinachiona koma sindinafune kuchivomera. Akagwira makhadi, chibwibwi chinkathawa. Ankalankhula ndi ana athu mawu oyenda bwinobwino, mpaka nthabwala. Ine ndinkangoti ndi zachibwana.

Mwana wamkazi wa achimwene atamaliza ku yunivesite, kunakonzedwa phwando ku Msongwe. Amuna anga anandipempha kuti ndikawapemphere mphindi zochepa zoonetsa masalamusi. Ndinakana kawiri. Kachitatu anandiyang'ana n'kunena pang'onopang'ono, akulimbana ndi liwu lililonse: "Ndikufuna alamu andione ndikuyamba chinthu, n'kuchimaliza ndekha. Kamodzi kokha." Ndinapita. Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. "Asiyeni a matabwa abwere, tisekeko."

Kenako nkhani ya mapeni inayamba. Loweruka lina tili m'tauni anandikokera m'shopu ya makope ndi zolembera, imodzi mwa zija zinamera paliponse chifukwa cha ana asukulu. Ine ndimati tigula peni n'kutuluka. Ha! Anatulutsa khadi lakale m'thumba n'kuyamba kuyesa peni iliyonse. Ya pa bolodi loyera anaikana chifukwa ukapaka chala imafufutika. Ya nsonga yonenepa akuti imamwaza inki. Yofiira akuti sioneka pa khadi lofiira. Ina inali yabwino koma imachedwa kuuma, ndiye akuti ndi chinyezi cha Mzuzu ingadetse makhadi ena. Ankalemba kamtanda, kuuzira, kudikira, kupaka chala, kupukusa mutu ngati dokotala. Mtsikana wogulitsa anandiyang'ana n'kuti, "Mama, adada amasankha chomene!" Manyazi ake, ndinalakalaka pansi patang'ambika. Pomaliza anatenga awiri akuda, a nsonga yowonda, a inki yosafufutika, ofanana ngati mapasa.

"Awiri a chiyani? Muli ndi mayeso?"

"Tikafika ndi... ndikuuzani chinsinsi chake."

"Chinsinsi chanucho mukauze matabwa."

Sanandiuzenso. Zimene ndikufotokoze apazi ndinazidziwa madzi atafika kale m'khosi.

Peni imodzi inayenera kukhala yamoyo, inayo yakufa. Kunyumba, ndi yamoyo ija, amalemberatu mtanda pa khadi limodzi, n'kulibisa pakati pa anzake. Pagulu amalemba dzina la khadilo papepala anthu akuona kuti peni ikulemba, n'kupinda pepalalo. Akamapisa m'thumba kutenga makhadi, amasintha mapeni. Munthu amene wasankhidwa amapatsidwa yakufa, amaika manja kumbuyo, n'kulemba mtanda pa khadi lililonse limene wafuna, osaona. Iye amaganiza kuti walemba, koma palibe chalembeka. Akayala makhadi patebulo, la mtanda ndi limodzi lokha, lomwe lija la papepala. Basi, matsenga onse ndi amenewo.

Koma kupha peni si masewera, ndinamva pambuyo pake. Poyamba anayesera pa ina yakale, kuchotsa thonje lonse, koma inapepuka moti aliyense akanadziwa kuti mulibe kanthu. Ndiye ya mapasa ija anaitsegula kumbuyo ndi pulayazi, thonje n'kulisiya momwemo, n'kumaiyanika pa malata a shedi. Dzuwa la Mzuzu mukulidziwa, limatuluka ngati mlendo wamanyazi. Kukachita nkhungu ankaitsitsa, kukawala n'kuikwezanso. Nsonga inayenera kukhala yakuda bii kuti izioneka yamoyo, koma osasiya ngakhale kadontho. Milungu iwiri yathunthu munthu akulera peni kuti ife bwino. Zonsezi zinkachitikira ku shedi, chifukwa kunyumba kunali ine ndi pakamwa panga.

Lachisanu, mawa lake kuli phwando, ndinatenga jekete lawo kuti ndisite iwo ali kuntchito. M'thumba lam'kati ndinapeza mapeni aja. Ndinayesa yoyamba pachikhatho, inalemba. Yachiwiri, zii. Ndinaigwedeza, ndinainyowetsa ndi malovu, zii.

Ndinaseka ndekha. Ola lathunthu m'shopu, kuuzira ndi kupukusa mutu, n'kugula peni yakufa! Munthu ameneyu akanatani popanda ine? Ndinaganizanso za nkhope ya achimwene peni ikakakana kulemba pagulu, ndipo ndinawamvera chisoni amuna anga, chisoni chija chosakaniza ndi kunyoza. Ndinazula kachotsekera ndi mano, ndinathira sipiriti, osati madontho atatu a masiku onse koma ambiri ndithu, poti inali itauma gwa. Ndinaiimika chozondoka kuseri kwa wayilesi. M'mawa ndinaiyesa, inalemba mzere wakuda wonyowa. Ndinaibwezera m'thumba osanena kanthu. Ndinkafuna kudzawauza tikabwerako, kuti adziwe amene anawapulumutsa. Safunsa anadya phula.

Ku Msongwe kunali tenti, mipando yovekedwa nsalu zoyera, zolankhula zosatha. Aliyense woimirira ankayamba ndi Chingerezi, n'kutsetserekera ku Chitumbuka, n'kumalizira ndi madigiri a ana ake. Achimwene anavala suti yoyererako, akuyendayenda ngati ndiwo amaliza sukulu. Ine ndinali ndi amayi anzanga kumbali, tikugawa mpunga. Cha m'ma 3 koloko wotsogolera mwambo analengeza kuti tsopano tione zodabwitsa, ndipo amuna anga anaimirira.

Abale anga, analankhula! Liwu lililonse linatuluka lathunthu. Anapeza khadi limene mayi wina anasankha, anatulutsa lina m'chipewa cha gauni cha mwana womaliza sukuluyo. Anthu anayamba kusiya mbale n'kusendera pafupi. Mayi amene ndinkagawa naye mpunga anandigunda ndi chigongono: "Ndi adada akwanu amenewa? Yewo, mumawabisa!" Mtima wanga unakwera. Ndinadziuza kuti peni ija ndakonza ndine.

Kenako anafika pa chachikulu. Analemba papepala, anapinda, n'kumupatsa mwana wa gauni kuti agwire. Anapisa m'thumba, anatulutsa makhadi ndi peni.

"Alamu, bwerani. Ikani manja kumbuyo. Tsegulani peni, mulembe mtanda pa khadi lililonse limene mtima wanu wafuna, musaone. Mukatero musakanize."

Achimwene anachita monyinyirika, akutsinzinira anzawo. Amuna anga anayala makhadi patebulo. Panaoneka seveni ya mitima, ili ndi mtanda waukhondo pakati. Mwana uja anatambasula pepala n'kuwerenga mokweza: seveni ya mitima. Tenti yonse inaphulika. Ndinaona achimwene atayasama, ndipo kwa kanthawi kochepa anawayang'ana amuna anga ngati munthu.

Ndiye mkazi wa achimwene anakuwa: "Adada, suti!"

Kumbuyo kwa jekete loyererako kunali mizere yakuda. Zala zawo zinali bii. Achimwene anayang'ana zalazo, anayang'ana patebulo, n'kuyamba kufukula makhadi limodzilimodzi. Anapeza awiri omatirirana. Atawalekanitsa, panali mtanda wina, wokhotakhota, wonyowa.

"Wanga ndi uwu," anatero, atalikweza m'mwamba kuti aliyense aone. "Inki ikadali yaiwisi. Winawu mwalembera kunyumba, a matabwa."

Kuseka kwake! Anthu ophunzira akamaseka munthu wosaphunzira amaseka ndi thupi lonse. Omwe aja amaombera m'manja ndi amene anagwira mimba. Amuna anga anatsegula pakamwa.

"A... a... ala..."

"Alamu pepani," achimwene anamaliza. "Mukufuna kunena choncho, eti? Chabwino, tamva. Khalani pansi."

Amuna anga sanakhale pansi nthawi yomweyo. Anatola peni ija patebulo, anaiyang'ana, n'kuifikitsa pamphuno. Fungo la sipiriti ankalidziwa, linkawapeza pakhomo mwezi ndi mwezi. Anakweza maso n'kundifunafuna pakati pa amayi mpaka anandipeza. Ine ndinayang'ana m'beseni la mpunga.

Mukuganiza kuti ndinapepesa? Simukundidziwa. Tikutsika ku Msongwe wapansi, ana ali patsogolo, mawu amene anatuluka m'kamwa mwanga anali akuti, "Ndinanena ine kuti zimenezi n'zachibwana." Ndinkadziwa kale chimene ndachita, koma pakamwa panazolowera njira yake. Iwo anangopitiriza kuyenda. Kutchalitchi Lamlungu anthu awiri anawafunsa za suti, iwo anangoti peni inawavuta. Dzina langa silinatuluke, ndipo mpaka lero achimwene amaikamba nkhaniyi pa phwando lililonse, osadziwa kuti wopusa wa m'nkhanimo ndi mlongo wawo wa satifiketi.

Zakuyanika peni pa malata ndinazimva kwa iwo eni patapita miyezi, nditafunsa ndekha. Anafotokoza mosakwiya, akupala thabwa, akukakamira pa liwu lililonse. Pafupi ndi botolo la guluu panali makhadi aja. Amapakira guluu, akuti amayala bwino kuposa chala.

Koma chimene sichindichoka ndi Lolemba lotsatira phwandolo. Ndikunyamuka kupita kusukulu ndinapeza peni ija ili pamwamba pa chikwama changa. Iwo anali pakhomo akumanga nsapato.

"Mwa... mwaikonza bwino, amayi," anatero osandiyang'ana. "Muzikalembera ana."

Ndinaitenga. Inalemba mpaka teremu kutha.