Mawu Amene Ndinawanong'oneza Bambo Kachingwe

Bambo Beston Kachingwe amadzuka kusanache, ngakhale kuti ntchito ya mumgodi anaisiya zaka zinayi zapitazo. Amayamba ndi kumwa mapiritsi awiri a khunyu, kenako amathirira mpiru umene anabzala m'matayala akale kuseri kwa nyumba. Akatha amakhala pampando pageti, chipewa chili kumutu, n'kumalonjera anthu othamangira mabasi a kushafuti. Wina amamupatsa moni wa Chitswana, wina wa Chizulu, ndipo akaona waulesi akukoka miyendo amamukalipira m'Chifanakalo, chinenero cha m'migodi. Ine ndimakhala m'chipinda chakuseri kwa nyumba yawo kuno ku Boitekong chimwalirireni amuna anga a Zikani, amene ankagwira nawo ntchito shafuti imodzi.

Kwawo n'ku Mayani, ku Dedza. Anabwera ku Joni ali mnyamata, anayamba ndi kufoshola miyala, n'kudzathera pa ukapitawo. Kumudzi anawaika kalekale m'gulu la machona. Akazi awo anali Mtswana wa ku Luka, anamwalira, ndipo ana awo awiri Chichewa amangodziwa moni wokha. Pakampingo kathu ka Amalawi, kamene kamasonkhana m'kalasi ku Tlhabane, iwo ndiwo anali mkulu wotsogolera mapemphero.

Khunyu linawayamba atakula. Anagwa koyamba ali pantchito, ntchito n'kuthera pomwepo. Mapiritsi anathandiza zaka ziwiri, kenako anayamba kugwa kawiri pa sabata. Tsiku lina anagwera pambali pa chitofu choyaka. Atawajambula mutu kuchipatala chachikulu ku Pitoriya, anapeza chotupa chonga dzira la nkhunda, mbali ya kumanzere, pafupi ndi pamene mawu amachokera.

Amene anationetsa chithunzicho anali Dokotala Nuriya, mayi wamfupi woyankhula motsitsa. Namwino wina anandiuza kuti mayiyo watha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akutsegula mitu ya anthu, kuchotsa zotupa ndi kuchiza akhunyu.

"Sitidzakugonekani nthawi yonse," anatero dokotalayo m'Chingerezi. "Tikadzatsegula tidzakudzutsani kuti muziyankhula. Mawu akasokonekera, ndidzadziwa kuti pamenepo sindiyenera kudula. Mwa zinenero zanu zisanu, n'chiti chimene simungalole kuti chitayike?"

"Chifanakalo chotsani ndithu adokotala, n'chotukwanira," anatero Bambo Kachingwe. "Koma chimene ndimapempherera mundisiyire."

Pachipatala ponsepo panalibe wodziwa Chichewa. N'chifukwa chake anasankha ine. Dokotala anandiyang'ana m'maso.

"Mama, ntchito yanu ndi imodzi. Akalakwitsa, akachita chibwibwi, akangoti zii, mukweze dzanja. Musawathandize."

Ndinavomera.

Tsikulo anandiveka zobiriwira n'kundilowetsa m'chipinda cha opaleshoni cha m'ma naini m'mawa. Munkazizira ngati mufiriji. Mutu wa Bambo Kachingwe unali utapanidwa ndi zitsulo, ndipo chinsalu chinatchinga pakati, dokotala mbali ina, ine ndi nkhope yawo mbali ina. Anandikhazika pakampando pafupi kwambiri moti mpweya wawo unkandifika kumaso. Atatsegula maso anandiyang'ana kanthawi.

"A Nabanda, mwabwera kudzaona zimene ndimaganiza?"

"Khalani chete, achimwene."

"Iyayi, lero akuti ndikakhala chete ndalakwa."

Tinayamba ndi zithunzi zoti azitchula mayina ake. Nkhuku, njinga, mpando. Kuseri kwa chinsalu dokotala ankakhudza ubongo ndi kachitsulo ka magetsi, malo amodziamodzi. Pachithunzi cha ambulera milomo yawo inaima. Ndinakweza dzanja. "Mwachita bwino, mama," anatero dokotala, n'kuika chizindikiro pamalopo. Zinatero katatu, ndipo ndinayamba kulimba mtima.

Kenako dokotala anayamba kudula, n'kuti zithunzi basi, bambowa azingosimba nkhani osalekeza. Makina oyamwa magazi ankangoti fwoo kuseriko. Bambo Kachingwe anayamba nkhani imene ndinaimva kambirimbiri, ya tsiku limene ananyamuka kwawo. Mayi awo anawaperekeza wapansi mpaka pamsewu.

"Ndiye basi ikubwera apo, amayi anamasula kansalu n'kundipatsa... n'kundipatsa..."

Maso awo anayamba kuyendayenda. Anamwino awiri anali chilili kuwayang'ana. Ndinaona manyazi akukwera pankhope ya munthu amene anayang'anirapo amuna makumi atatu pansi pa nthaka. Kwathu wamkulu akasowa mawu pagulu, wamng'ono amamunong'oneza, sakweza dzanja kuti onse aone. Pakamwa panga panatseguka ndisanaganize.

"Mbatata," ndinanong'ona.

"Mbatata zootcha, eya," anatero, n'kupitiriza.

Dzanja langa linali pamwendo. Ndinadziuza kuti bambowa angotopa chabe. Makina ankalirabe. Patapita mwina mphindi ziwiri anafika pamtsinje umene basi inawoloka, dzina n'kuwathawa.

"Linthipe," ndinanong'onanso.

Anabwereza, koma lilime linkalemera. Atayamba chiganizo chotsatira, chimene chinatuluka sichinali Chichewa kapena chinenero chilichonse, chinali ngati munthu woyankhula madzi ali m'kamwa.

"Imani!" ndinakuwa m'Chichewa, kenako m'Chingerezi, manja onse ali m'mwamba.

Makina anazima.

"Ayamba liti?" anafunsa dokotala kuseri kwa chinsalu.

"Pompano," ndinatero.

Mulungu anamva, ndipo ine ndinamva.

Dokotala anathira madzi ozizira pabalapo n'kudikira. Anandiuza kuti ndiwawerengetse manambala. Ndinawagwira dzanja, linali lozizira ndi lonyowa. Wani inatuluka. Thuu inatenga nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya madzi. Tinakafika pa teni ine thukuta lili kamukamu m'chipinda chozizira chija. Dokotala anati sapitirira pamenepo, kachidutswa ka chotupa kotsalako akasiya, azidzakayang'anira ndi zithunzi.

Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Kugwa anagwa kamodzi kokha, ndipo ana awo akuti n'chozizwitsa. Koma mayina a zinthu amawathawa. Amafuna kapu n'kutchula mbale, kapena amangoloza. Lamulungu loyamba atabwerera kumpingo anaimirira kuti apemphere, anafika pakati n'kuima. Tinadikira mitu ili pansi mpaka wina anayambitsa nyimbo. Sabata yotsatira anapempha a Yoswa, mkulu mnzawo, kuti azitsogolera.

Titapita kukaonedwanso, Dokotala Nuriya anati zoterezi zimachitika ngakhale zonse zitayenda bwino, ndipo mawu ena atha kubwerera chaka chisanathe. Anandithokoza pamaso pa ana awo, n'kuti ndinaona msanga. Ndinayang'ana pansi. Sindidziwa kuti m'mphindi ziwiri zija mpeni unayenda mtunda wotani, ndipo amene angadziwe sindinamufunse.

Tsiku lomwelo pobwerera tinaima pa renki ya matakisi ku Rustenburg, dzuwa likuswa mtengo. Bambo Kachingwe anavula chipewa n'kusisita chipsera. Anayankhula pang'onopang'ono, liwu limodzilimodzi.

"A Nabanda, za m'chipinda chija ndimakumbukira zodukaduka. Inu munali maso. Tsiku lina mudzakhale pansi, mundifotokozere zonse mmene zinayendera. Osadumpha kanthu."

Takisi ya ku Boitekong inafika, anthu anayamba kukankhana, ndipo ndinawathandiza kukwera. Iwo sanabwerezenso pempholo. Ine sindinawayankhebe.