Mpeni wa Che Hamisu

Kudera la Chibanja kunalibe phwando loti lingachitike popanda mpeni wa Che Hamisu. Akhristu a kumeneko, posafuna kuti anzawo achisilamu abwerere ndi njala, mbuzi ankapita nayo kwa Che Hamisu kuti akaizinge. Mkulu wa ku Machingayu, yemwe ankagulitsa nsalu mumsika, ankangoti "Bisimilahi," mpeni n'kudutsa kamodzi, basi. Ndiye ankanyada nazotu, kayendedwe kokha kankachita kunena.

Kenaka dzanja lamanja linayamba kunjenjemera. Kuchipatala anati ndi matenda a Parkinson, nawapatsa mapiritsi, n'kuwachenjeza kuti nkhawa imakolezera kunjenjemerako. Zinalidi choncho. Akakhala okha pakhonde mtima uli m'malo, dzanjalo linkayesako kumvera. Koma maso a anthu akangowagwera, linkavina ngati lamva ng'oma.

Anthu anasiya kubweretsa mbuzi, mwaulemu, osanena kanthu. Che Hamisu zinawapweteka kwambiri. Mpeni ankaunolabe Lachisanu lililonse, khutu lili kuchipata, kulakalaka atamvanso wina akuti, "Odi, tabwera ndi mbuzi!"

Amene anadzaodira anali mayi Mabel a nyumba yoyandikana nayo.

"Monire adada. Mbuzi ya ukwati wa mwana wanga Temwani muzinge ndinu. Mwana uyu mwalera nawo, wina ine nakana."

M'mawa wa tsiku la ukwatilo Che Hamisu anamwa mankhwala pa nthawi yake, navala mkanjo woyera, dzanja lili phee. Koma mayi Mabel, pofuna kuwalemekeza, anali ataitana abale onse, ena ochokera ku Rumphi, kuti adzaonerere. Mkuluyo atangotulukira ndi mpeni, amayi anaimba nthungululu.

Che Hamisu anawerama pa mbuzi ija. Dzanja linayamba, mpeni n'kumagwedezeka pamwamba pa khosi la mbuzi. Anapuma mozama, nayesanso, koma linachita kunyanya. Ankadziwa kuti mpeni wodula mobwereza umazunza chiweto, ndipo chikhalire sanazunzepo chiweto. Anaitana Madi, Msilamu mnzawo wogulitsa nyama yemwe anali pagulupo, namupatsa mpeniwo.

"Yewo chomene adada, palije kanthu," anathokoza motero mayi Mabel m'chinenero cha kwawo, maso ali pansi.

Anthu ananyamula nyama n'kumapita kuli nyimbo. Che Hamisu anatsala okha pakhonde. Pang'onopang'ono dzanja lija linaleka, n'kugona pabondo ngati mwana woti wakhuta. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Tsopano ndiye wakhazikika?" analifunsa. "Mbuzi yapitatu."