Kapitawo Anakana Kudumpha

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 3, tikukhala m'nyumba za antchito pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Milonde. Ndinali mwana wamanyazi kwambiri. Pa nthawi yopuma anzanga ankasewera fulaye, ine nditakhala pamuzu wa mtengo wa mango, ndikungoonerera.

Chimene chinkandisangalatsa chinali tizikumbu tina tatitali ngati njere ya mpendadzuwa. Dzina lake lenileni sindilidziwa mpaka lero. Ukakagwira kamapinda miyendo ngati kafa. Ukakagoneka chagada kamakhala phee, kenaka kamalira kuti "the!" n'kudumpha m'mwamba, kukatera ndi miyendo n'kuyamba kuthawa. Ndinkatipeza kotola nkhuni mvula yoyamba ikagwa, pansi pa makungwa a bulugama wovunda, pamene pankanunkhira chinyontho ndi bowa. Ndinkatisunga m'mabokosi a machesi, kalikonse m'bokosi lake, pamodzi ndi kakhungwa konyowa. Ndinali nato tisanu. Tiwiri tinali tofiirira, kena kakuda, kena kotuwa ngati phulusa. Kachisanu kanali kakakulu, ka timadontho pamsana, ndipo ndinakatcha Kapitawo chifukwa kankalira mokweza ngati bambo amene ankayang'anira otchola tiyi.

Lachisanu lina ndikudumphitsa Kapitawo pachikuto cha kope, anandipeza Delifa, mtsikana amene ankasankha osewera fulaye.

"Iwe bubu, kameneko n'kako?" anatero. "Inenso ndili nako kwathu. Ubwere nako Lolemba. Kako kakaposa kanga, ulowa timu yanga."

Ndinangogwedeza mutu, koma popita kunyumba ndinkachita kuthamanga.

Ndinali nditaona atsikana a netibolo akukonzekera mpikisano tsiku ndi tsiku, choncho ndinaganiza kuti Kapitawo nayenso akonzekere. Loweruka lonse, komanso Lamlungu titachokera kutchalitchi, ndinakhala kuseri kwa nyumba ndi mbale yachitsulo. Ndikamugoneka chagada, iye "the!", ine n'kumugonekanso. Poyamba ankadumpha mpaka kugwera kunja kwa mbale. Pofika Lamlungu masana ankangolira osanyamuka. Kenaka anasiya ndi kulira komwe, timiyendo tokha tikupalasa m'mwamba.

Achemwali anga aakulu, a Esinati, amene ankatchola tiyi, anali kuyanika zovala chapafupi. Anabwera akupukuta manja pachitenje, nasuzumira m'mbale.

"Kuyambira dzulo lija mpaka pano? Ukufuna kukapha?"

"Ndikukaphunzitsa, achemwali."

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Kukaphunzitsa chimene kanabadwa nacho? Mwana iwe, ukuyesa kakusewera nawe? Kakufuna kudzuka. Ukakagoneka choncho kamaona ngati imfa yafika. Ngakhale ife kapitawo weniweniyo amatipatsako Lamlungu."

Anatenga kaudzu n'kukatembenuza, nabwerera kukayanika zovala zawo. Mawu awo anandipweteka, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti pofika mawa akhala atapuma.

Lolemba kunali chiperoni, phiri lonse litabisala mu nkhungu, zala zikuuma ndi kuzizira. Atsikana anatizungulira pakhonde la kalasi. Ka Delifa kanali kakang'ono, koma atangokaika pakope kanadumpha bwinobwino. Ine ndinatsegula bokosi langa. Kapitawo anagona chagada pamene ndinamuika. Tinadikira. Sanalire.

"Kapitawo wako wapuma pantchito!" anafuula wina, ndipo onse anafa nacho chiseko.

Delifa anatola kamtengo kuti amubaye pamimba, mwina angadzidzimuke. Ndinkadziwa kuti akadumpha kamodzi kokha ndilowa timu. Koma ndinaona timiyendo tija tikupalasa pang'onopang'ono, ndipo ndinamuvindikira ndi dzanja.

"Musiyeni, watopa," ndinatero, mokweza kuposa mmene ndinkafunira.

"Eee, kani amayankhula?" anatero Delifa. "Basi wagonja. Tiyeni ku fulaye."

Anapita onse, ndipo teremu yonseyo sindinasewere nawo. Madzulo ake ndinapita naye Kapitawo pachipika pamene ndinamutola. Anayenda mokwawa, nalowa pansi pa khungwa. Kaya anachira kaya anafera momwemo, sindidziwa. Tinayi totsalato ndinatisunga masiku awiri, kenaka natonso ndinakatisiya komweko.

Kutola sindinasiye. Mpaka pano ndikamawaza nkhuni n'kuona kachikumbu kotere, ndimakaika pachikhatho, ndiyang'ane mtundu wake, kadumphe kamodzi, kazipita. Anthu amandiseka kuti mayi wamkulu kusewera ndi tizilombo, ine ndimangomwetulira.

Tsopano ndili ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu, Tadala. Amaimba bwino nyimbo ya kwaya akakhala yekha pakhonde. Kukabwera alendo, bambo ake amamuitana monyadira kuti aimbe, akatha amati aimbenso. Iye amaimba, koma ine ndimaona zala zake zakuphazi zikukumba dothi. Apa m'pamene ndinamvetsa bwino zimene achemwali ankanena: chinthu ungachikonde ndithu, n'kuchitopetsa chifukwa chofuna kuti anthu akuone. Kuyankhula pamaso pa alendo kumandivutabe, komabe pamenepo ndimatsegula pakamwa.

"Waimba kale, bambo a Tadala. Musiyeni akasewere."